Sowo ya Lamba ndi Nkhuku ya Apongozi

Buluku limene ndinavala tsiku limenelo kulibenso. Zotsala zake mkazi wanga anazidula zigamba, ndipo china ndimachiona pa thumba limene amapita nalo kothyola tiyi. Ndayambira pamenepo kuti mudziwiretu: nkhaniyi sinandiyendere bwino.

Ine si munthu wa mawu ambiri. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Ndine kalipentala. Zitseko, mabedi, mafelemu a mawindo, ndi mabokosi maliro akatigwera. Zonsezo ndi manja: sowo wamba, pulena, tchizulo, hamala. Kwathu ndi ku Chonde, koma ndinakwatira kufupi ndi Limbuli ndipo ndimakhala komweko, pachikamwini. Nyumba yanga ili apa, ya apongozi aakazi ili apo. Pakati pali mpanda wa udzu.

Mpanda umenewo muukumbukire.

Pamudzi pathu mwambo wakale sunathe. Mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso, sayankhulana, sadyera pamodzi. Mukakumana panjira, wina amapatukira m'munda wa nandolo mpaka mnzake adutse. Makomo ambiri anasiya zimenezi. Apongozi anga sanasiye. Chikhalire changa pamudzipo sindinawagwirepo chanza. Mawu onse amadzera mwa mkazi wanga, mayi a Esinati. (Ine zinkandikomera. Munthu wosakonda kuyankhula, ukapeza wina amene mwambo ukukuletsa kuyankhula naye, umathokoza Mulungu.)

Malemu apongozi aamuna anagwira ntchito moyo wawo wonse mu shedi ya matabwa pa esiteti ya tiyi. Popuma ntchito anawapatsa makina akale amene ankagwiritsa ntchito, sowo ya lamba. Kwa amene simunaionepo: ndi chimakina chachitali kuposa munthu, chokhala ndi mawilo awiri, lina pamwamba lina pansi. Pa mawilowo pamazungulira lamba wachitsulo, wopyapyala, wamano mbali imodzi. Pamwamba pali kawilo kopotokola ndi dzanja, kokungira lambayo kapena kumumasula. Sowo ya manja imacheka mowongoka basi. Iyi imakhota nalo thabwa mmene ukufunira, ngati ukudula nsalu.

Anaiika mu shedi kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda uja, nakokera magetsi. Ali moyo sankalola munthu kuikhudza. Ine ntchito yanga inali kunyamula matabwa ndi kusesa utuchi. Atamwalira, makinawo anangokhala atafunditsidwa masaka.

Ndiye panabwera a Namagowa, mlongo wawo wa apongozi aakazi, mwini mbumba. Munthu wamfupi, wa jekete lalitali, wa njinga yopukutidwa bwino. Mwana wawo ali ndi shedi ku Chitakale, ndipo iwo anaona kuti makina kumeneko ndi kumene angapindule. Anaitanitsa banja. Ine ndinakhala patali pa mtondo wogubuduza, monga mkamwini.

"Chitsulo chikangokhala chimadya dzimbiri," anatero a Namagowa. "Pano palibe wochidziwa."

"Alipo," anayankha mkazi wanga. "Bambo a Esinati ndi mmisiri."

Onse anandicheukira. Ndikanatha kunena zoona, kuti sindinayatsepo makinawo. Koma kunena zimenezo kunkafuna mawu ambiri. Ndinangoti, "Eya."

A Namagowa anandiyang'ana kuyambira ku dazi mpaka ku patapata. Kenako anagamula. Mwambo wovundukula chiliza cha malemu unali pafupi. Akuluakulu adzafunika pokhala. Mkamwini apange mipando ya nsana wokhota, ngati imene ankapanga malemuwo, ndipo aipange pa makinawo. Ikakhalapo tsikulo, makina akhala. Ikapanda kukhalapo, makina akwera lole.

Makinawo ndinkawafuna. Zaka zonse zosesa utuchi ndinkawayang'ana mmene mwana amayang'anira njinga ya eni ake.

Tsiku loyamba ndinachotsa masaka, ndinapukuta, ndinathira mafuta. Ndinapeza lamba ali lende, wokhwepa. Ndinaganiza kuti wakhwepa chifukwa chokhalitsa. Pambali pa kawilo kokungira panali kachitsulo kolembedwa manambala, koma anafufutika kalekale, ndipo kamuvi kake kanathyoka. Ndinapotokola kawiloko mpaka mtima wanga unati zakwana. Ndinayatsa. Makina analira. Ndinamva ngati ndakula.

Ndinajambula mzere pa thabwa la bulugamu ndi kulikankhira. Mzere unapita kumanja, lamba anapita kumanzere. Ndinabweza. Lamba anabwerera, nadumpha mzere, napitirira. Ankayenda ngati munthu wochokera ku kachasu, amene njira akuiona koma miyendo ili ndi maganizo ake.

Nthawi yonseyo kuseri kwa mpanda kunali apongozi. Mkazi wanga amachoka mbandakucha kupita ku esiteti ndipo amabwera dzuwa litapendeka, choncho masana pakhomo timatsala awiri, wina uku wina uko. Iwo ankakhala pa mphasa akusenda nandolo, ali ndi nkhuku yawo yathadzi, ija yopanda nthenga m'khosi. Ankaitcha Kameta. Ankaikonda. Ndinamva akuyankhula nayo.

"Iwe Kameta, chitsulocho chakhwepa."

Kenako anang'ung'udza. Sinali nyimbo. Anali mawu amodzi okha, aatali, osakwera osatsika. Mmmmmm. Amalekeza, n'kuyambiranso pomwepo.

Sindinalabadire. Nkhalamba ndi nkhuku yake, ine zikundikhudza pati?

Ndinakakamiza mpando umodzi, n'kumakonza zokhotazo ndi pulena. A Namagowa anadutsa pa njinga kudzaona. Anauzungulira mpandowo, anapukuta ndi mpango, nakhalapo. Mpando unapendekera kum'mawa. Anadziwongola. Unapendekanso.

"Akamwini," anatero, "mpando uwu ukufuna kundiwolotsa ku Mozambiki. Ine chiphaso ndilibe."

Anakwera njinga akuseka okha. Ali potero anafuula kuti wa lole anamuuza kale.

Ndinakwiya. Ndipo ine ndikakwiya ndimamanga zinthu. Ndinatenga paipi ya madzi, ndinaikoleka pa kawilo kaja kuti mphamvu ichuluke, n'kupotokola mpaka makina anati ng'iii. Anali masana, lamba atatentha ndi ntchito. Ndinayesa thabwa. Anatsata mzere bwino lomwe. Ndinati eya, mankhwala ake ndi amenewa, chitsulo chimamva mphamvu.

"Iwe Kameta, wanyanya," ndinamva kuseri kwa mpanda. Dzuwa likulowa anabwerezanso: "Kameta, usanagone umasule chitsulocho. Kunja kukubwera chiperoni."

Ndinaima ndi tsache m'manja. Nkhuku imasule chitsulo? Ndi chiyani, mlomo? Ndinawamvera chisoni. Ndinati imfa ya amuna awo yawalowa m'mutu.

Chiperoni chinabweradi. Phiri linabisala, kamvula kosalekeza kaja kanayamba, kuzizira kolowa m'mafupa. M'mawa ndinalowa mu shedi ndikuuzira m'manja. Ndinayatsa. Mawilo asanazungulire n'komwe bwino, thyaa! Ngati mfuti. Agalu a mudzi wonse anauwa. Lamba anali ataduka.

Ndinamupinda, ndinamumanga pa kaliyala, ulendo ku Limbuli kwa Zuze, wowotcherera zitsulo. Zuze ndi wa kutsidya kwa malire, ndipo mawu amene ine ndinamanidwa anapatsidwa iye.

"Achimwene! Uyu si lamba wa malemu uyu? Iii! Mkulu uja lamba ankamuthera mano asanaduke. Inu mwamutani?"

"Waduka."

"Ndikuona kuti waduka. Ndikuti mwamutani?"

"Wotcherera."

Anadula nsonga zonse ziwiri, analumikiza, anawotcherera, napala ndi tupa mpaka posalala. Ndinamufunsa kuti lamba amakungidwa bwanji.

"Pang'ono."

"Pang'ono ndi bwanji?"

"Osati kwambiri. Komanso osati pang'ono kwambiri." (Malangizo amenewa ndinawanyamula pa njinga mpaka kunyumba. Sanali olemera.)

Ndinabweza lamba. Ndinakunga, koma paipi ndinaisiya. M'mawa anacheka bwino. Pofika masana anayambanso za kachasu zija. Ndinawonjezera. Anawongoka. Ndinakagona. M'mawa, thyaa!

Nditabwerera kwa Zuze, ulendo uno sanachite nthabwala. Anayeza lambayo ndi chingwe.

"Achimwene, ndikamalumikiza ndimadulako. Akufupika. Akadukanso, sakwananso pa mawilo. Ndipo lamba wa makina akale awa, ngakhale ku Limbe mukayenda masitolo onse mwina osamupeza. Poronto, basi. Ndakuuzani."

Madzulo ake ndinali ndi nkhawa ziwiri. Ya lamba sindinaitchule. Ndinatchula inayo.

"Mayi a Esinati. Amayi sali bwino."

"Atani?"

"Mutu. Tsiku lonse akulangiza nkhuku. Ndiponso akung'ung'udza. Apite ku chipatala ku boma."

Mkazi wanga anasiya mbale, nazungulira mpanda. Anakhalitsako. Anabwera nkhope ili yakugwa.

"Mwina mukunena zoona. Ndawafunsa bwinobwino. Akuti ndikuuzeni kuti mutu wawo uli bwino, koma umene ukuwadetsa nkhawa ndi wa Kameta. Akuti ndi wouma."

Tinagwirizana kuti mwambo wa chiliza ukadutsa tiwatengera kwa dokotala. Ndinagona ndikudziona ngati mkamwini wabwino.

Linafika Lachinayi. Amayi a Mvano anasonkhana pabwalo pa apongozi kukambirana za chakudya cha pa mwambo. Ndinkawamva kuseri kwa mpanda: uyu abweretsa mpunga, uyu nkhuni, uyu mapoto. Ine tsopano lamba ndinkamuopa. Ndinati bola akhwepe kusiyana ndi kuduka. Ndinamukunga pang'ono chabe, ngati munthu womanga bala. Ndipo kuti ndione bwino mmene akuyendera pa mawilo, ndinatsegula chitseko cha makina, chija chimaphimba lambayo, n'kuchisiya chotsegula.

(Musachite zimenezi. Chitsekocho anachiikapo anthu amene anaonapo zinthu.)

Ndinayatsa. Lamba anayamba kuvina, phephephe. Ndinati akakhudza thabwa akhazikika. Ndinakankhira thabwa.

Anavuka pa wilo la pamwamba. Sindinamuone, ndinangomva mphepo. Anatuluka pa chitseko chija ngati njoka yopondedwa mchira, mano ake nakola buluku langa pa thumba. Ndinadumphira kumbuyo. Buluku linati kwee, kuyambira m'chiuno mpaka m'bondo. Batani linauluka. Ndinadumphanso, koma tsopano buluku linali m'mapazi, ndipo lamba anali atandizinga ngati mkombero wa njinga. Shedi yathu mbali imeneyo ilibe khoma. Ili ndi mpanda.

Ndinakuuzani kuti muukumbukire. Unali wa udzu wa chaka chatha, mitengo yake itadyedwa ndi chiswe. Ntchito yokonza mpandawo inali ya mkamwini, ndipo mkamwini anali atatanganidwa. Unandilandira, n'kugona nane pamodzi.

Ndinapezeka ndili chagada pabwalo pa apongozi, pakati pa amayi ovala zoyera, miyendo m'mwamba, lamba m'chiuno, buluku m'akakolo. Za kabudula wam'kati sindinena zambiri. Anali wa masiku ogwira ntchito, osati wa Lamulungu.

Amayi anakuwa. Kenako zii. Mayi wina wachikulire anati, "Yesu," motsitsa, ngati akumuitana kuti adzaone nawo.

Apongozi anali atatembenuka kale. Ndinangoona msana wawo, wowongoka ngati felemu. Sanakuwe. Anamasula chitenje chimene anafunda pamapewa, nachiponya chakumbuyo, osayang'ana. Chinagwera pa ine ndendende, pamalo pamene pankafunika.

"Iwe Kameta," anatero, "funda nsaluyo. Ndipo uone ngati wavulala."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Nkhuku panalibe. Inali itathawa phokoso lija, ili pa denga la khitchini, kutali, ikutetera. Pamalo pamene mawuwo ankalunjika panali ine ndekha, ndi dazi langa.

Mutu wouma uja unatseguka pamenepo, ndili gone pansi. Chakhwepa. Wanyanya. Usanagone umasule. Masiku onse aja munthu ankandiphunzitsa ntchito, ine n'kumamufunira dokotala.

"Sanavulale," ndinayankha. Mawu anatuluka aang'ono. "Kungokalika pa ntchafu."

"Chabwino. Adzipita."

Ndinadzikulunga chitenje cha maluwa, ndinanyamula lamba wanga, ndinadutsa pa mpanda wogwawo. Amayi aja anapirira mpaka nditalowa m'nyumba. Kenako kuseka kwake kunamveka mpaka ku msewu. Mawu a apongozi sanali m'gulumo. Ndinamvetsera bwino. Sanalimo.

Madzulo ndinadzutsa mpanda. Mkazi wanga nkhani anaimvera kunjira, asanafike n'komwe. Anangonditambasulira dzanja kuti ndimupatse buluku, analiyang'ana, nati, "Ili lapita." Tsiku limenelo anandikonda, chifukwa sanawonjezere.

M'mawa mwake ndinalowa mu shedi. Lamba, mwa chisomo, sanaduke. Ndinakhala pa benchi. Masiku anali atatsala ochepa, mipando kulibe, lamba wotsala ndi moyo umodzi. Kuseri kwa mpanda ndinamva mphasa ikuyalidwa, ndi nandolo zikugwera mu lichero. Kameta, weniweniyo, anatulukira pansi pa mpanda, nayamba kupalasa utuchi.

Ndinatsokomola. Ndinatsokomolanso. M'moyo wanga ndanyamula mitengo yolemera, koma mawu awa anaposa yonse.

"Iwe Kameta," ndinatero kwa nkhukuyo. "Ine zandikanika."

Nandolo zinasiya kugwa. 

"Kameta, yamba wazimitsa magetsi ku khoma. Wazimitsa?"

"Wazimitsa."

"Pukuta mawilo, utuchi usakhalepo. Ika lamba pakati. Ukunge pang'ono. Ukatero umukoke ndi chala kumsana kwake kopanda mano, n'kumusiya alire, ngati waya wa gitala."

Ndinachita. Lamba anati bwerr, ngati chitini.

"Ayi. Mvera kuno." Ndipo anang'ung'udza mawu aja. Mmmmmm. Omwe aja ndinkawamva masiku onse. "Afike apa."

Ndinapotokola. Ndinakoka. Dumm.

"Sanafike."

Ndinapotokola kwambiri.

"Pang'onopang'ono, iwe! Si chitseko cha khola chimenecho."

Ndinachepetsa dzanja. Kupotokola, kukoka, kumvera. Iwo kung'ung'udza. Mawu a lamba ankakwera ngati munthu wokwera makwerero, akuyandikira pamene panali mawu awo. Ine kwaya sindinaimbepo, kutchalitchi ndimangotsegula pakamwa. Koma ngakhale ine ndinamva pamene mawu awiriwo anakumana. Anasanduka amodzi. Sunakanatha kusiyanitsa chitsulo ndi munthu.

"Ima pomwepo."

Ndinachotsa dzanja.

"Kokanso."

Ndinakoka. Diiing.  Kuseri kwa mpanda ndinamva akumina. Kenako anati, "Kokanso kamodzi." Ulendo umenewo sunali wa ntchito. Ndinadziwa, ndipo ndinakoka.

Atakhazikika anayamba kuiuza nkhuku. Nyumba yawo ku esiteti inali yoyandikana ndi shedi. Kuyambira ali ndi pakati poyamba, m'mawa uliwonse ankamva amuna awo akukoka lambayo asanayatse, mpaka afike pa mawu amenewo. Ana ankadzuka nawo. Bambowo ankawang'ung'udza ngakhale pometa ndevu. Makinawo iwo sanawakhudzepo ndi chala chomwe, ndipo mu shedi ya kampani akazi sankalowa. Zonse anazisunga ndi khutu, akuchapa, akuphika, akuyamwitsa.

"Ndiye umve, Kameta. Chitsulo chikagwira ntchito chimatentha, chikatentha chimatalika. Masana ukaona chayamba kusochera, zimitsa, koka, ubweze pa mawu omwewo. Osapitirira. Madzulo chikamazizira chimafupika. Ukachisiya chomangika, usiku wonse chimadzikoka chokha, makamaka kukazizira ngati kuno. Mwini wake asanasambe m'manja madzulo ankayamba wachimasula. Ndinkamva kawiloko kakulira, ndiye ndimadziwa kuti nditereke madzi."

Ndinakumbukira mmene ndinapezera lamba tsiku loyamba, ali lende. Sikunali kukhalitsa. Anali malemu, atamasula madzulo awo omaliza.

"Ndipo utseke chitseko cha makinawo. Mwini wake anapita kumanda ndi zala zake zonse."

Ndinatseka. Ndinayatsa. Makina analira mosiyana, mofatsa. Ndinakankhira thabwa. Lamba anatsata mzere ngati mwana wotsata amake. Ndinakhotetsa, anakhota. Nsana wa mpando unagwa m'manja mwanga wosalala, wosafuna ngakhale pulena.

"Kameta," ndinatero, "ukawauze kuti zikomo."

"Amva."

Masiku otsalawo tinagwira ntchito atatu. M'mawa ine kukoka, iwo kung'ung'udza, nkhuku kupalasa. Magetsi akazima ndinkalumikiza ndi kupala zodulidwa kale. Akayaka ndinkathamangira ku makina. Masana ndikaiwala, ndinkamva, "Kameta, wayamba kusochera," thabwa ndisanalione n'komwe kuti lakhota. Ankamva ndi kulira kwa makina okha. Ine ndili pomwepo ndi maso awiri, iwo ali kuseri kwa udzu akusenda nandolo, koma oyamba kudziwa anali iwo.

Pambuyo pake mkazi wanga anawafunsa chifukwa chimene sanangomutuma iye kuti adzandiuze, monga mwa nthawi zonse. Anamuyankha kuti, "Ndikanakutuma iwe, ukanadziwa kuti mwamuna wako sakuidziwa ntchito imene unamuikira umboni pamaso pa malume ako. Nkhuku siulula." Mkazi wanga anadzandiuza zimenezi akupukuta maso. Ine ndinatuluka kukayang'ana phiri. Linalipo.

Tsiku la chiliza mipando inali pa mzere pansi pa mtengo wa mapeyala, vanishi akuwala. Abusa anakhalapo, akuluakulu anakhalapo. A Namagowa anasankha wawo mosamala. Anaugwedeza ndi dzanja. Anakhalapo. Anatsamira kum'mawa, mpando unakana. Anatsamira kumadzulo, unakana. Anasisita nsana wake wokhotawo nthawi yaitali.

"Dzanja la alamu anga ili," anatero. Kenako anandiitana ndi chala. "Akamwini, anakuphunzitsani ndani?"

"Nkhuku."

Amayi a Mvano amene ankadutsa ndi mabeseni anatsala pang'ono kutaya mpunga. A Namagowa anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anayang'ana mlongo wawo, amene anakhala patali atatipatsa msana. Msanawo sunatembenuke.

"Kaya," anatero. "Makina akhale."

Lole sinabwere.

Koma chimwemwe sichibwera chokha. Alendo anachuluka kuposa mmene tinkaganizira, ndiwo zinachepa, ndipo amayi ophika anagwira nkhuku iliyonse imene inali pafupi. Kameta anali wozolowera anthu. Sanathawe. Ndinadziwa mbale itandifika, nditaona khosi. (Ndinadya. Ndikanatani? Koma ndinadya mwaulemu.)

Sabata yotsatira pakhomo panali zii. Ine mu shedi, iwo pa mphasa, pakati mpanda watsopano. Ndinkakoka lamba m'mawa, ndipo mawu aja tsopano ndinkawapeza ndekha. Ntchito inkayenda. Koma kuseri kwa udzu kunalibe wonena kanthu, chifukwa kunalibe womuuza. Ine amene ndinkathokoza Mulungu chifukwa cha chete, ndinapeza kuti chete ameneyu akundisowetsa mtendere.

Mkazi wanga anati, "Masiku ano anthu anasiya zimenezi. Tiitane akuluakulu akukhazikeni pamodzi, muziyankhulana ngati anthu."

Ndinakana. Anakawafunsa amayi ake. Nawonso anakana.

Tsiku la msika ndinapalasa njinga kupita ku Limbuli. Ndinayenda mzere wonse wa nkhuku, ndikuyang'ana makosi. Ogulitsa ankandionetsa zonenepa, ine ndikukana. Kumapeto kwenikweni ndinaipeza: yathadzi, yowonda, khosi lopanda nthenga. Zuze anandiona ndikudutsa nayo.

"Achimwene! Pa nkhuku zonsezi mwasankha yofanana nanu?"

Ndinangopitirira. Ndinakampatsa mkazi wanga kuti akapereke kuseri.

M'mawa mwake ndinalowa mu shedi, ndinachotsa masaka. Ndinamva mphasa ikuyalidwa. Ndinamva lichero. Ndinachedwa dala, ndikupukuta zopukutidwa kale.

"Iwe Kameta," mawu anabwera. "Ndiwe mlendo pano, ndiye ndikukhululukira. Koma dzulo sindinamve kawilo kakulira."

Ndinagwira lamba. Anali gwa, womangika chigonere. Ndi chimwemwe cha nkhuku chija, ndinali nditaiwala kumasula.